Du Chisiza: Mnyamata amene adasandutsa zisudzo kukhala ntchito

Lamulungu masana m'zaka za m'ma 1990, msewu waukulu wochokera ku Limbe kupita m'tauni ya Blantyre unkakhala ndi makamu awiri a anthu ukafika pa Chichiri. Khamu loyamba linkalunjika kusitediyamu kukaonera Bullets kapena Wanderers. Lachiwiri, lomwe linkaoneka lotchena pang'ono, linkakhotera ku French Cultural Centre, komwe anthu ankangoti ku French.

Ena ankatsika mabasi ndi maminibasi ochokera ku Bangwe, Ndirande ndi Chilomoni. Ena ankangoyenda wapansi kuchokera ku Chitawira, Nkolokosa ndi Zingwangwa. Onsewa ankabwera ndi ndalama zolipira pakhomo kuti akaonere anthu anzawo akuchita sewero pansanja.

Dzina limene linkakoka ambiri mwa anthuwa lidali lalifupi zedi: Du.

Dunduzu Chisiza Junior adakhala ndi moyo zaka 35 zokha. Koma m'zaka zochepazo adalemba masewero oposa 20, adathandiza kulemba ndi kukonza enanso ambiri, adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, adakhalapo nduna ya boma, ndipo adachita chinthu chimene ambiri ankati m'Malawi muno n'chosatheka: kudya, kuvala ndi kulipira antchito ndi ndalama za zisudzo.

Adabadwa maliro ali m'nyumba

Du adabadwa pa 26 Malichi 1963, ndipo bambo ake sadawaone ndi maso. Dunduzu Kaluli Chisiza, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party, adali atamwalira mu Sepitembala 1962 galimoto yake itapezeka itagwera pamlatho wa Thondwe, mumsewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Mkuluyu, yemwe kwawo kudali ku Karonga, adali m'modzi mwa anyamata ophunzira amene adamenyera ufulu wa dziko lino, ndipo mu 1959 adatsekeredwa m'ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia limodzi ndi Dr Hastings Kamuzu Banda komanso Henry Masauko Chipembere. Ambiri ankamuona ngati amene adzagwire chuma cha dziko likadzalandira ufulu. Mpaka lero alipo anthu amene sakhulupirira kuti imfa yake idali ngozi chabe.

Patangopita zaka zisanu, banjali lidaliranso. Yatuta Chisiza, mkulu wake wa Dunduzu, yemwe adali nduna mpaka pamene nduna zidasemphana ndi Kamuzu mu 1964, adathawira kunja. Mu Okutobala 1967 adalowanso m'dziko muno ndi kagulu ka anthu onyamula mfuti kudzera chakumadzulo kwa Blantyre, dera la Mwanza, ndipo adaphedwa ndi asilikali a boma.

Choncho mwanayu adakula ndi dzina lolemera mbali ziwiri. Lidali dzina la ngwazi ya ufulu, komanso lidali dzina la munthu amene boma linkamutcha chigawenga. Masiku amenewo dzina lokha linkatha kumutsekera munthu zitseko za ntchito ndi sukulu. Mnyamata wochenjera akadasankha kukhala phee, kupeza ntchito yamuofesi n'kumadya zake mwakachetechete. Du adasankha ntchito yoimirira pamaso pa anthu n'kumalankhula.

Mbewu idamera pa HHI

Luso lake lidayamba kuonekera ali pasukulu ya sekondale ya Henry Henderson Institute, yomwe anthu amangoti HHI, pamishoni ya Blantyre pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Nthawi imeneyo bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM linkachititsa mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale chaka ndi chaka. Sukulu zinkayamba kupikisana m'zigawo, zopambana n'kukakumana kundime yomaliza. Kwa ana asukulu ambiri, umenewu udali mwayi woyamba kuima pansanja yeniyeni, nyale zikuwala kumaso.

Mu 1982 Du adalemba ndi kutsogolera sewero lotchedwa The Deceased's Attack, ndipo HHI idatenga malo oyamba m'dziko lonse. Apa n'kuti ali ndi zaka 19. Kawirikawiri masewero ampikisanowu ankalembedwa kapena kusankhidwa ndi aphunzitsi, kotero mwana wasukulu kulemba lake n'kupambana nalo idali nkhani.

Chaka chotsatira adasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa kagulu ka Wakhumbata Workshop Theatre. Posakhalitsa adanyamuka ulendo wa ku America, komwe adakaphunzira za zisudzo mumzinda wa Philadelphia. Kumeneko adaona ndi maso kuti sewero ndi ntchito ngati ukalipentala kapena unamwino: ili ndi maphunziro ake, nthawi yoyambira ndi yowerukira, komanso malipiro. Adaonanso kuti wochita zisudzo amaphunzitsa thupi lonse, mawu, mpweya, mapazi ndi nkhope, osati kungoloweza mawu papepala.

Anthu ambiri amene ankapeza mwayi wopita kunja masiku amenewo sankafulumira kubwerera. Du adabwerera mu 1987, ndipo chaka chomwecho adakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mumzinda wa Blantyre. Gululi limadziwika kuti ndilo loyamba m'dziko muno la anthu ochita zisudzo ngati ntchito yawo yatsiku ndi tsiku.

Tikiti ndiye malipiro

Sikuti Du ndiye adabweretsa zisudzo m'Malawi. Makolo adali nazo kale m'gule wamkulu, m'nthano zapamoto, ngakhalenso m'malipenga a kwawo kumpoto, momwe amuna amavala zoyera n'kumatsanzira perete wa asilikali. Pawailesi ya MBC anthu ankamvera Kapalepale ndi Pamajiga. Ku Chancellor College ku Zomba kudali gulu la Travelling Theatre, lomwe linkayendayenda ndi masewero, ndipo aphunzitsi ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr adasula achinyamata ambiri. Mu Blantyre momwemo mudali Kwathu Drama Group, gulu la masewero a m'Chichewa limene lidatchukitsa John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo.

Kusiyana kwake kudali kwakuti ambiri mwa anthuwa adali ndi kwina kodalira. Wina adali mphunzitsi, wina kalaliki, wina mwana wasukulu. Zisudzo zinkachitika akaweruka kapena kumapeto kwa sabata. Makolo ambiri ankaziona ngati zachibwana, ndipo mtsikana wonena kuti akufuna kulowa gulu la zisudzo ankayamba wakambirana kaye ndi amalume ake.

Maganizo otere sadali a Amalawi okha. Kale ku England, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, yemwe dzina lake lili pamsewu wa Victoria Avenue pakati pa mzinda wa Blantyre, ochita zisudzo ndi ovina pansanja ankaonedwa ngati anthu osalongosoka. Zidatengera anthu ngati Henry Irving, yemwe ankachita sewero iye mwini kwinaku akuyendetsa gulu ndi nyumba ya zisudzo ya Lyceum ku London, kuti anthu asinthe maganizo. Mu 1895 Irving adakhala wochita zisudzo woyamba kulandira ulemu wotchedwa Sir.

Du adasenza mtolo wonga womwewo. Iye ndiye adali mlembi, mphunzitsi wa ochita sewero, mwini gulu, wofunafuna ndalama, ndipo nthawi zambiri ndiyenso ankatenga mbali yaikulu pansanja. Gulu lotere limadya za pakhomo. Pandalama za matikiti pamayenera kuchoka lendi ya holo, galimoto yonyamula anthu ndi katundu, zovala, mapepala oitanira anthu omata m'mitengo ndi m'makoma, chakudya ndi malo ogona paulendo, kenako malipiro a aliyense. Mvula ikagwa Lamulungu masana, kapena kusitediyamu kukakhala mpira waukulu, mwezi umenewo kunyumba kwa ochita sewero kumakhala ndiwo zamasamba.

Kuti gulu lisafe, pamafunika sewero latsopano pafupipafupi, chifukwa anthu a mumzinda umodzi sangalipire kasanu kuonera chinthu chomwechomwecho. N'chifukwa chake Du ankalemba mosapuma, ndipo Wakhumbata sinkangokhala mu Blantyre. Inkapita ku Zomba, Lilongwe, Mzuzu ndi m'maholo a sukulu za sekondale, komwe ana ambiri adaonera sewero lolongosoka koyamba.

Masewero ake adali a m'Chingerezi, zomwe zinkakopa ana asukulu ndi anthu apantchito koma n'kusiya kunja agogo ambiri a ku Ndirande ndi Bangwe, omwe ankapeza chisangalalo chawo kwa Kwathu. Komabe ngakhale wosamva bwino Chingerezi sankagona pampando, pakuti pansanja ya Wakhumbata mawu ankayenda limodzi ndi nyimbo, magule ndi mayendedwe athupi okonzedwa mosamala.

Kulankhula mokuluwika

Vuto lalikulu silidali ndalama zokha. Mu 1968, chaka chimene dziko la Britain lidathetsa lamulo lakalekale loti sewero lililonse liziyamba lavomerezedwa ndi mkulu wa kunyumba yachifumu wotchedwa Lord Chamberlain, dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo lake lounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi zisangalalo. Lamuloli lidabala bungwe la Censorship Board.

Sewero lisadaonetsedwe kwa anthu, mwini wake ankayenera kupereka zolemba zake kubungweli n'kudikira chilolezo. Akuluakuluwo ankatha kufufuta mizere, kuchotsa chigawo chonse, kapena kukaniratu. Ngakhale chilolezo chitatuluka, wochita sewero ankadziwa kuti pakati pa oonerera pakhoza kukhala wina amene sadabwere kudzaseka koma kudzamvetsera. Chaka chomwe Du adabwerera kumudzi, 1987, ndi chomwenso mlakatuli Jack Mapanje adamangidwa mu Sepitembala n'kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, mpaka 1991. Aliyense wogwira cholembera adamva uthengawo.

Du adatulukira pakhomo lomwe Amalawi adalidziwa kalekale. Mayi wodandaula za mwamuna wake samutchula dzina, amangoimba pamtondo mudzi wonse n'kumva. Wofuna kudzudzula mfumu amasimba za Kalulu ndi Njovu. Momwemonso masewero a Du ankakamba za banja, za sukulu, za kampani kapena za dziko lopeka, koma oonerera ankadziwa kumene muvi ukulunjika.

Sewero la Papa's Empire, lomwe lidatuluka mu 1990, ndi chitsanzo. M'dziko momwe munthu m'modzi ankatchedwa tate wa fuko, ndipo kampani yake ya Press idali ndi dzanja pafupifupi m'malonda aliwonse, mutu wokhawo udali wokwanira kuti anthu ayang'anane m'maso. Padalinso Fragments, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, De Summer Blow ndi ena. Lina adalitcha Tatuya Futi, ndipo aliyense wosinthanitsa maphatikizo a liwu loyambalo amapeza dzina la Yatuta.

Sikuti nthawi zonse ankapulumuka. Ena mwa masewero ake adaletsedwa. Koma ambiri adadutsa, chifukwa papepala mawu ankaoneka osalakwa. Ululu wake unkatulukira pansanja: pakaimidwe, pakatchulidwe ka liwu limodzi, pakukhala chete kwa kamphindi. Zimenezi wounika zolemba sangazifufute ndi cholembera chofiira. Anthu akaseka ku French, nthawi zina kudali kuseka kwa munthu amene wamva chinthu chimene iye sangayerekeze kuchinena ngakhale kuchipinda kwake.

Mapanga awiri

Mu Malichi 1992 mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, ndipo mu Meyi chaka chomwecho anthu apantchito ku Blantyre ndi Limbe adachita zionetsero zomwe zidathera m'kukhetsa mwazi. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri. Du adalemba Democracy Boulevard, sewero lounika nyengo yatsopanoyo.

Kenako adachita chimene otsatira ake ambiri sadachiyembekezere. Mu 1993, ali ndi zaka 30, adalowa MCP ndipo Kamuzu adamusankha kukhala nduna ya achinyamata, masewero ndi chikhalidwe.

Nkhaniyi idagawa anthu. Ena adati wawagulitsa: mwana wa Dunduzu, mwana wa mng'ono wake wa Yatuta, mlembi wa Papa's Empire, angakhale bwanji patebulo limodzi ndi boma lomwe ankalinyogodola, pomwe bomalo lili pafupi kugwa? Ena adamuikira kumbuyo kuti chipanicho adachimanga ndi bambo ake, ndipo munthu wa zaluso akapatsidwa mpata wokonza zinthu ali m'kati sayenera kuuthawa.

Unduna wake sudakhalitse. Pa 17 Meyi 1994 MCP idagonja kwa Bakili Muluzi ndi chipani cha UDF, ndipo Du adabwerera kunsanja. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma iye ndale sadazitaye. Chakumapeto kwa moyo wake adalowa UDF ndipo ankakonzekera kudzapikisana nawo pachisankho cha aphungu cha 1999 kwawo ku Karonga. Tsikulo sadalione. Adamwalira pa 24 Febuluwale 1999 atadwala, kutangotsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 36.

Mpaka pano okonda zisudzo amatsutsanabe ngati ndale zidamuonjezera kapena zidamuchotsera. Chodziwika n'chakuti njira imene adaiponda ena adaitsata. Michael Usi, yemwe Amalawi adamudziwa ngati Manganya m'sewero la Tikuferanji, adadzakhala nduna yoona za chikhalidwe mu 2020, ndipo mu 2024 adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko.

Atapita Du

Patangotha milungu isanu Du atamwalira, pa 1 Epulo 1999, wailesi yakanema ya Television Malawi idayamba kuulutsa. Munthu amene adadzaza maholo kwa zaka 12 adaphonya kanema wa dziko lake ndi masiku owerengeka. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene achinyamata ambiri alero amangomva dzina lake koma sadaonepo nkhope yake ikugwira ntchito.

Gulu la Wakhumbata lidatsala m'manja mwa Gertrude Kamkwatira, m'modzi mwa amene Du adawasula. Mayiyu pambuyo pake adayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre ndipo adalemba masewero monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial. Adatsogoleranso bungwe la ochita zisudzo m'dziko muno, n'kuonetsa kuti mkazi akhoza kulemba, kutsogolera ndi kuyendetsa gulu. Naye adamwalira msanga, mu 2006.

M'zaka zomwezo zinthu zidasintha mumzinda. Mafilimu a ku Nigeria adadzaza m'nyumba ndi m'timashedi ta vidiyo ta ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe, momwe munthu ankaonera ndi ndalama yochepa. Mabungwe adayamba kulemba ntchito ochita zisudzo kuti azifalitsa mauthenga a Edzi, chisankho ndi nkhanza za m'banja. Ntchito imeneyi idapulumutsa mabanja ambiri a anthu aluso ku njala, koma idasinthanso mwini nkhani. Sewero la Du linkayankha kwa munthu amene wagula tikiti. Sewero la bungwe limayankha kwa amene wapereka thandizo.

Nkhonya ina idagwa mu 2011. A ku France atasiya kuyendetsa French Cultural Centre, malowo adakhala opanda mwini weniweni kwa kanthawi, ndipo akuba adalowa n'kusasula zipangizo ndi katundu. Boma lidagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yowakonzanso idatenga zaka zambiri ikuyenda mwakamba, ochita zisudzo akusowa pogwira. Kwathu nayo idataya mizati yake: John Nyanga adamwalira mu 2016, Eric Mabedi mu 2021.

Ngakhale lamulo la 1968 silidapite ndi chipani chimodzi. Mu Disembala 2011 apolisi adamanga Thlupego Chisiza, mwana wa Du, mumzinda wa Blantyre pamene gulu lake la Lions Theatre linkaonetsa sewero lotchedwa Semo. Seweroli adalemba limodzi ndi Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic yemwe adapezeka atafa pasukulupo mu Sepitembala chaka chomwecho. Mlandu udali woonetsa sewero popanda chilolezo cha Censorship Board, ndipo khoti lidamulipiritsa chindapusa. Zaka 17 chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri, Chisiza wina adaimanso pamaso pa lamulo lomwe lija chifukwa cha sewero.

Chotsala n'chiyani?

Woimba akamwalira amasiya matepi ndi ma CD. Wolemba mabuku amasiya mabuku m'laibulale. Wochita zisudzo amasiya zochepa, chifukwa ntchito yake imatha nyale zikazima. Mwa masewero onse a Du, ochepa okha ndiwo adasindikizidwa m'buku. Akatswiri ngati Mufunanji Magalasi adalemba za ntchito yake, koma zolemba zotere zimathera kuyunivesite, sizifika kwa mwana wa Fomu 3 ku Chilomoni amene akufuna sewero loti achite ndi anzake.

Apa ndiye pali ntchito ya amoyo. Anthu amene adachita nawo masewero a Wakhumbata akukalamba, ndipo ena adatsogola kale. Iwo ndiwo akudziwa mmene Du ankaphunzitsira, mizere imene a Censorship Board adafufuta, ndi mmene ankaibwezeramo ndi maso kapena phazi. Mapepala otayipidwa, zithunzi ndi matepi avidiyo amene angakhale m'masutikesi ndi m'makatoni m'nyumba za anthu sadikira munthu. Chiswe ndi chinyontho sizidziwa kuti uyu adali Du.

Phunziro lake lalikulu likadali poyera kwa aliyense wofuna kulitola. Iye adaonetsa kuti Mmalawi akhoza kutulutsa ndalama m'thumba kulipira sewero la Mmalawi mnzake, likakhala lokonzedwa bwino komanso likamanena zimene zili kumtima kwake. Sadadikire kuti boma limange nyumba ya zisudzo kapena kuti wachifundo wakunja abwere ndi cheke. Adalemba, adaphunzitsa anthu ake, adamata mapepala m'mitengo, n'kutsekula chitseko.

Pa HHI belu likulirabe m'mawa uliwonse, ndipo m'sukulu za ku Limbe, Ndirande ndi Soche ana akadasunthabe madesiki kukhoma akaweruka kuti apeze bwalo loyesererapo sewero. Pakati pawo pakhoza kukhala wina wa zaka 19 amene ali ndi kope lodzaza ndi zolemba zakezake. Mwana ameneyo akufunika zinthu zitatu zomwe Du adazimenyera moyo wake wonse: nsanja yoti aimepo, ufulu woti alankhule, ndi anthu olipira pakhomo.